Dinani 1 kuti mutsimikize

Mu February chaka chatha amayi anga anatumiza K85,000 kwa munthu amene mpaka lero sitikumudziwa. Inali ndalama yanga ya lendi. Landilodi anali atandiuza kawiri konse kuti likamafika Lachisanu ndikhale nditalipira, apo ayi ndione kolowera, ndiye amayi anagulitsa matumba a mbatata ya kachewere mofulumira, pamtengo wongotaya, kuti nkhaniyo ithe. Lachinayi madzulo anandiimbira. "Iwe, yafika?" Ndinayang'ana foni, panalibe uthenga uliwonse. Tinati mwina ndi netiweki. Ola litatha ndinawapempha kuti andiwerengere uthenga umene unabwera kwa iwowo, nambala imodziimodzi. Nambala yanga ili ndi 68 chakumapeto. Iwo analemba 86.

Zimene ndinayankhula usiku umenewo sindizinyadira. Ndinati, "Koma amayi, kodi simuwerenga? Dzinatu limabwera musanadine!" Anakhala kaye chete, kenako anati, "Pepa mwananga. Ife ndife mbuli, zimenezi ndi za inu ophunzira."

M'mawa mwake tinaimbira kampani, koma wolandirayo anali atatapa kale ndalama zonse. Titamuimbira mwiniwakeyo anayankha mwaulemu, bambo wa mawu abwino ndithu, n'kulonjeza kuti abweza. Anabweza K30,000, kenako foni yake inasiya kupezeka. Zotsalazo ndinakongola kwa anzanga atatu, ndipo semesita yonseyo ndinadya nsima ya masoya pisi mpaka ndinayamba kuwalota.

Ndalamayo ndinaiwala pang'onopang'ono. Mawu aja a "mbuli" ndi amene sanachoke, chifukwa ndikuwadziwa amayi anga. Sukulu analekezera Sitandade 6, inde, koma akhala msungichuma wa banki mkhonde kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sipanasowepo ngakhale K50. Mukawapatsa mitengo ya zinthu zisanu, amakuuzani chenji inu musanapeze kalikuleta m'foni mwanu. Buku Lopatulika amawerenga tsiku lililonse. Munthu wotereyu kuti adzitchule mbuli, ndiye kuti pali china chimene chinamuphunzitsa kutero, ndipo ine mwana wake ndinathandizira.

Patapita masabata angapo ndi pomwe ndinawafunsa funso limene ndinkayenera kuyambira: kodi zinayenda bwanji? Anandifotokozera. Nambala yanga analemba pa kalendala ya kutchalitchi yopachika pakhoma. Magalasi awo anali atathyoka mwendo umodzi, ndiye ankawagwirizira ndi dzanja. Anaimba kodi ija, menyu inabwera, anasankha kutumiza ndalama, n'kuyamba kukopera nambala: diso pakhoma, diso pafoni, manambala awiri, diso pakhoma. Asanamalize, foni inawadula. Anayambiranso, anafika mpaka polemba kuchuluka kwa ndalama, inawadulanso. Kachitatu anathamanga. Atafika potsimikizira paja, pomwe pamabwera dzina m'tizilembo tating'ono pakati pa mawu a Chingerezi, anali ataphunzira kale phunziro limodzi kuchokera kwa foniyo: ukachedwa uyambiranso. Anadina 1.

Ndikamaganizira tsopano, amayi anachita zomwe foniyo inawaphunzitsa. Inawalanga kawiri chifukwa chodekha, kachitatu n'kuwalanga chifukwa chofulumira.

Sindinazione choncho nthawi yomweyo. Ndinazindikira zitandigwera ine. Ndinkadzaza fomu yofunsira thandizo la maphunziro pa webusaiti ina, masamba asanu ndi limodzi, kuphatikiza nkhani ya mawu 500 yofotokoza chifukwa chake ndikuyenera kuthandizidwa. Ndinalemba mwaluso, monga mwana wa humanities. Nditadina batani lotumizira, sipanachitike kanthu. Palibe kozungulira kaja, palibe uthenga. Ndinadinanso, ndinadinanso. Kenako tsamba linabwerera koyambirira, mabokosi onse ali mbee, pamwamba pali mawu ofiira akuti pali cholakwika. Cholakwika chiti, pati, sananene. Nditayesa kachitatu, bandulo ili pafupi kutha, ndinatulukira kuti tsiku lobadwa amafuna kuyamba ndi mwezi osati tsiku. Ndinadzimenya pachipumi n'kunena mokweza kuti, "Ndine chitsiru." Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, wa sayansi ya makompyuta, anaseka n'kunena kuti, "Aise, chitsiru ndi amene anapanga fomuyo." Mawa lake anandibwereka buku.

Bukulo ndi la Don Norman, katswiri wa ku America wa kaganizidwe ka munthu. Linatuluka mu 1988 ndi mutu wakuti The Psychology of Everyday Things, kenako analisintha kukhala The Design of Everyday Things. Ndinkayembekeza masamu ndi makodi, koma ndinapeza nkhani za zitseko, masiwichi ndi mipope. Norman amadandaula ndi zitseko zomwe zili ndi chogwirira chooneka ngati chokoka pomwe chitsekocho n'chokankha. Tonse tinachitapo manyazi pa chitseko chagalasi cha kubanki kapena kushopu, kukoka champhamvu mlonda akutiyang'ana. Mfundo yake ndi yakuti chitseko chikafunika kulembedwa mawu ouza munthu kuti akankhe, ndiye kuti wopanga chitsekocho walephera kale. Zitseko zotere mpaka anazipatsa dzina la iyeyo, Norman doors. Ndipo anaona chinthu chimene chinandilasa: anthu akalephera kugwiritsa ntchito chinthu chopangidwa molakwika, amadziimba mlandu okha, amabisa, ndiye wopangayo samva n'komwe kuti pali vuto.

Taganizirani mjigo. Palibe mwana amene anapitapo kusemina ya kapopedwe ka mjigo. Chogwirira chake ndi chachitali, chili pa msinkhu wa manja, chimayenda njira ziwiri zokha, m'mwamba ndi pansi. Ukapopa umamva kulemera kukusintha m'manja, umamva phokoso la madzi akukwera, kenako umawaona. Chinthucho chimakuuza chochita, chimakuletsa kuchita zosayenera, ndipo chimakuyankha pa sitepe iliyonse. Anthu opanga mapulogalamu ali ndi mayina a Chingerezi a zonsezi, koma nzeru yake ndi yomweyo. Malo amene munthu amakumana ndi makina, amene iwo amawatchula kuti interface, ayenera kuonetsa zomwe ungachite, kukuuza zomwe zachitika, ndi kukusiyira pobwerera ukaphonya. Batani la fomu yanga ija linalephera chachiwiricho. Menyu ya amayi inalephera chachitatu.

Wina anganene kuti izi ndi nkhani za ife osadziwa makina. Koma pa 28 March 1979, pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku Pennsylvania, valavu ina inakanirira yotsegula ndipo madzi oziziritsa anayamba kutayika. M'chipinda choyendetsera munali kanyali kamene akatswiri ankakhulupirira kuti kakusonyeza kuti valavuyo yatsekeka. Zoona zake, kanyaliko kankangosonyeza kuti lamulo loti itseke latumizidwa, osati kuti yatsekadi. Panatha maola oposa awiri asanatseke njira ya madziwo. Amenewa anali anthu ophunzitsidwa bwino ntchito yawo. Norman anali m'gulu la akatswiri amene anaitanidwa kukaunika ngoziyo, ndipo anapeza kuti chipindacho chinapangidwa mwa njira yoti kulakwitsa kunali kosapeweka. Nkhani imeneyi imandikumbutsa uthenga uja wakuti ndalama zatumizidwa. Zatumizidwa, inde. Kwa yani?

Norman amasiyanitsa mitundu iwiri ya kulakwitsa. Pali kulakwitsa chifukwa sukumvetsa, cholinga chako chenichenicho n'cholakwika. Ndiye pali kuphonya: ukudziwa bwinobwino chomwe ukufuna, koma dzanja kapena diso laterereka. Amayi sanalakwitse mtundu woyambawo. Ankadziwa amene akumutumizira, ndalama zingati, ndi njira yake yonse. Chala chinangosinthanitsa 6 ndi 8. Kuphonya kotere sikutha ndi maphunziro, ndipo nthawi zambiri kumagwira anthu ozolowera kuposa achilendo, chifukwa wozolowera sayang'ananso. Choncho kunena kuti "tiphunzitse anthu akumudzi kugwiritsa ntchito foni" ndi mankhwala a matenda ena. Pulofesa nayenso akhoza kulemba 86.

Pali munthu wina, Jakob Nielsen, amene mu 1994 anaika pamodzi mfundo khumi zounikira ngati pulogalamu ndi yosavuta kugwiritsa ntchito. Sindizitchula zonse, mukhoza kuzipeza nokha. Imene inandigwira mtima ndi yakuti munthu azizindikira chinthu pochiona m'malo mokakamizidwa kuchikumbukira. Kuzindikira dzina pamndandanda n'kosavuta, kunyamula manambala khumi m'mutu kuchoka pakhoma kufika pafoni ndi ntchito. Ife a mafoni a intaneti timangodina dzina mu apu, nambala imalowa yokha. Amayi, ndi foni yawo ya mabatani, ndi amene amapatsidwa ntchito yovutayo. Zimandidabwitsa kuti amene ali ndi maso ofooka, Chingerezi chochepa ndi ndalama zosalola kutayika ndi amene timawapatsa njira yoterera kwambiri.

Mfundo ina ya Nielsen ndi yakuti makina aziyankhula chiyankhulo cha wowagwiritsa ntchito, ndipo uthenga wa cholakwika uzinena vuto momveka ndi chochita. Ndani mwa inu a Android sanaonepo uthenga uja wakuti "Connection problem or invalid MMI code"? Ine ndili chaka chachitatu kuyunivesite ndipo sindingakuuzeni kuti ndichite chiyani ndikauona, kupatula kuyesanso n'kupemphera. Apa anthu amathamangira kunena kuti yankho ndi kumasulira menyu m'Chichewa. Ndikuvomereza kuti n'zofunika, ndipo ndi zochititsa manyazi kuti tikukambabe zimenezi. Koma uthenga wosathandiza ukaumasulira umakhalabe wosathandiza, wangosintha zovala. Ndipo Chichewa cha m'maofesi, chija amachikoka ku Chingerezi liwu ndi liwu, nthawi zina chimavuta kuposa Chingerezicho. Chiyankhulo cha amayi si mawu okha. Iwo saganiza za akaunti kapena za mtundu wa ntchito imene akufuna kusankha. Amaganiza kuti, "Ndikufuna kumupatsa mwana wanga ndalama ya nyumba."

Mnzanga uja sanandilole kuti ndipambane mophweka, ndipo anachita bwino. Anandifotokozera kuti menyu zimenezi zimayenda pa njira yotchedwa USSD, yomwe ndi yakale, ya nthawi ya mafoni oyambirira a GSM. Ubwino wake ndi waukulu: imagwira pa foni iliyonse, ngakhale yotchipitsitsa, popanda intaneti kapena bandulo. Popanda iyo, amayi sakanatumiza n'komwe ndalama pafoni. Koma tsamba limodzi silipitirira zilembo 182, ndipo kulumikizanako kumakhala kotsegula ngati mukuimba foni, ndiye netiweki siingakudikireni mpaka kalekale. Wopanga menyu ali ngati munthu wouzidwa kuti amange nyumba pamalo a khola la nkhuku. Ananenanso za kubweza ndalama: mukalola kuti aliyense azitha kubweza zomwe watumiza, mbava igula katundu, ionetsa uthenga, n'kubweza ndalamayo ikangokhota pakona. Amene angalire ndi ogulitsa ang'onoang'ono ngati amayi omwewo.

Zonsezi ndi zoona, koma sizikutseka nkhani. Malo akachepa ndi pomwe luso limafunika kwambiri. Menyu ikhoza kukumbukira anthu atatu amene munawatumizira posachedwa n'kukuonetsani mayina awo. Ikhoza kukufunsani, ikakudulani, ngati mukufuna kupitiriza pomwe munalekezera. Ikhoza kulemba 85,000 ndi kachizindikiro kolekanitsa kaja m'malo mwa 85000, kuti ziro wowonjezera aonekere. Ikhoza kuika dzina la wolandira palokha, pamwamba, osati pakati pa chiganizo. Ikhoza kuchenjeza mwapadera pamene nambalayo simunaitumizirepo chiyambire, m'malo mofunsa funso lomwelo nthawi zonse. Chomalizachi n'chofunika, chifukwa funso lofunsidwa tsiku lililonse limasiya kumveka. Ndi angati mwa ife amawerenga tisanadine OK? Chala chimafika maso asanafike. Ndi chifukwa chake ena anasankha kupereka mpata wobwerera m'malo mongochenjeza. Gmail imagwira kalata yanu kwa masekondi angapo, mpaka 30 mukafuna, kuti muthe kuibweza isanapite. Ku Kenya, Safaricom inabweretsa Hakikisha pa M-Pesa mu 2015, yoonetsa dzina la wolandira ndi kupereka kanthawi koti uimitse ndalama zisanachoke. Kanthawi kotere sikathandiza mbava, chifukwa wogulitsa salandira uthenga mpaka katatha.

Koma chitsanzo chabwino kwambiri sindinachipeze m'buku. Ndinachipeza pakhonde, tchuthi chapitachi, nditakhala pambali kuonerera msonkhano wa banki mkhonde. Njira imeneyi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo amene anaikonza ankadziwa kuti mamembala ambiri sadzatha kuwerenga. Taonani zomwe anachita. Bokosi la ndalama lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndiye munthu mmodzi sangalitsegule ngakhale atafuna. Munthu akagula masheya, m'kabuku kake amadindamo chidindo, sheya imodzi chidindo chimodzi, moti ngakhale wosadziwa kulemba amawerenga zidindozo ndi chala. Ndalama imaikidwa poyera, owerenga ndalama amaiwerenga n'kulengeza mokweza, gulu lonse likumva. Wina akaphonya, amamukonza pompopompo, palibe chatayika, palibe wachita manyazi. Potseka amalengeza zomwe zatsala m'bokosi, ndipo msonkhano wotsatira umayamba ndi kufunsa gulu kuti munatsala zingati. Zonse zomwe Norman ndi Nielsen amalemba zili pamenepo: kuona zomwe zikuchitika, kuyankhidwa nthawi yomweyo, kutchinga cholakwika chisanachitike. Amayi amene amayendetsa dongosolo limeneli mosaphonya ndi omwewo amene foni inawauza kuti ndi mbuli.

Apa ndi pomwe ndimakangana ndi anzanga a humanities amene amati zamakompyuta si zathu. Funso lakuti munthu amamva chiyani akawerenga liwu lakutilakuti, amaopa chiyani, amachita manyazi ndi chiyani, amakhulupirira ndani, ndi funso lathu. Timathera zaka zinayi tikuphunzira ziyankhulo, chikhalidwe, mbiri ndi kaganizidwe ka anthu, kenako n'kusiya kuti mawu amene anthu mamiliyoni amawerenga tsiku lililonse pa sikirini alembedwe ndi munthu wotopa amene ntchito yake yeniyeni ndi kuonetsetsa kuti seva isagwe. Sindikumunyoza. Iye amayesa menyu yake yekha, pa desiki, ndi maso abwino, nambala ali nayo pamtima, ndipo imayenda bwino kwambiri. Sangaone vuto chifukwa amadziwa kale yankho. Njira yokhayo ndi kupatsa munthu wina foni, kumuuza chochita, n'kutseka pakamwa. Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu okha kumatulutsa mavuto ambiri a pulogalamu. Anthu asanu. Pamsika uliwonse mungawapeze musanamalize chimanga chootcha chimodzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti chichitikireni nkhani ija amayi anasiya kutumiza okha. Amayenda mtunda kupita kwa ejenti, kumupatsa foni, n'kumunong'oneza nambala yachinsinsi. Mnyamatayo ndi wabwino, timamudziwa, koma tsiku lina padzakhala wina. Kampani ikayang'ana mabuku ake iona kuti ndalama zikuyenda, kasitomala alipo. Siidzaona kuti mayi wina anataya ufulu wogwira yekha ndalama zake.

Ndiye tsiku lomaliza la tchuthi ndinachita zomwe ndinawerenga zija. Ndinawapempha kuti anditumizire K500, ine nditakhala pambali pawo pamkeka. Anakana kaye. "Ukufuna undiseke?" Ndinalonjeza kuti sindiyankhula kanthu, ndipo ndikuuzeni, anzanga, kukhala chete munthu akuvutika ndi chinthu chimene iwe ukuchidziwa ndi kovuta kuposa mayeso alionse. Manja ankandiyabwa. Ndinaona zinthu zomwe sindikanaziganiza. Tsamba lililonse amaliwerenga lonse, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale chimene akufuna chili pa nambala 1, chifukwa kwa iwo kudumpha mawu olembedwa ndi kupanda ulemu kapena kudziika pangozi. Akadina batani amadikira, ndipo foni ikachedwa kuyankha amaganiza kuti sanadine bwino, n'kudinanso. Polemba nambala yachinsinsi amaphimba foni ndi chitenje, ngakhale pakhomo pali ine ndi nkhuku zokha. Inawadula kamodzi, pamalo omwe aja.

Tinagwirizana zochepa. Nambala yanga ndinailemba pa kakhadi ndi zilembo zikuluzikulu, m'magulu a manambala atatuatatu, n'kukamata kuseri kwa foni ndi selotepi kuti diso lisamapitenso kukhoma. Kenako ndinazindikira kuti sangaone kuseri akulemba kutsogolo, ndipo amayi anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti, "Ophunzira inu." Tinakamatula n'kukamangirira ndi kaulusi kuti kazilendewera pambali. Iwo anawonjezera lamulo lawo, lochokera ku banki mkhonde: dzina likabwera azilitchula mokweza asanadine, ngakhale ali okha, ndipo ikawadula iwadule.

Mwezi watha lendi anatumiza okha. Anandiimbira pambuyo pake kundiuza kuti inawadula kawiri, ndipo kachitatu anatchula dzina langa mokweza mpaka aneba anafunsa ngati ndabwera. Kenako anandifunsa ngati anthu amene amapanga zimenezi ali ndi amayi awo. Ndinati ndikukhulupirira kuti ali nawo. Anati, "Ndiye aziwatumizira okha ana awowo," n'kuyamba kundiuza za mtengo wa feteleza.